Loko pa Kanyumba ka Akulu Anga

Ndiyambe ndi kuulula ndekha uchitsiru wanga, chifukwa mukaumva kwa ena authira tsabola. Ine Yotamu Mwanza wa ku Katondo, nkhalamba ya mano asanu ndi limodzi, ndakhala moyo wanga wonse ndikukhulupirira kuti imfa imatsata mzere. Ndinkati ili ngati pa kiliniki: wodwala kwambiri amamulowetsa poyamba, ife amphamvu timatsala pabenchi kudikira. Sukulu ndinalekezera Sitandade Folo, koma nzeru imeneyi musanamizire aphunzitsi. Ndinaipanga ndekha.

Ndi nzeru yomweyo tinalembera wilo ya akulu anga a Filimoni. Tonse awiri tinabwera kuno ku Kabwe kuchokera ku Katete tisanamere ndevu. Iwo anagwira ntchito ku wekishopu ya njanji mpaka kupuma, ine ndinali wolumikiza mabogi a sitima pa yadi. Zaka zinayi zapitazo sitiroko inawagwetsa. Mbali yakumanja inafa, koma pakamwa panatsala mawu pang'ono. Anandiitanitsa kunyumba kwawo ku Railways n'kunena kuti, "Yotamu, lemba. Ndikafa, achibale angamuvute mkazi wanga Nabanda."

Ndinalemba m'kope la ana a sukulu. Nyumba ndi ya aNabanda mpaka imfa yawo, asawachotse munthu. Mapoto, bedi, makina osokera, asakhudze munthu. Bokosi la masipanala lipite kwa mwana wawo Jairosi, Baibulo kwa mlongo wake Esnati, suti kwa ine. Ndipo mkazi wawo asalowedwe chokolo. Pamenepo ndinaika bolopeni pansi n'kufunsa kuti, "Akulu, mng'ono wanu ndine ndekha. Ndiye mukunena ine?" Anaseka ndi theka la nkhope, aNabanda anandigenda ndi chipande. Mkulu wa mpingo anasaina. Ba Chanda, Mbemba wa nyumba yoyandikana nayo, anasainanso. Tinaganizira chilichonse. Koma zakuti a Filimoni adzakhala ndi ndani aNabanda akapita, sitinalembe ngakhale liwu limodzi.

Chaka chotsatira sitiroko yachiwiri inatenga mawu otsala aja. Kuyambira pamenepo aNabanda ndiwo anali miyendo, manja ndi pakamwa pa amuna awo. Ankawatembenuza, kuwasambitsa, kuwasintha matewera, kuwaperera mapiritsi m'phala. A Filimoni akafuna kanthu ankagogoda ndi supuni pachitsulo cha bedi, ndipo mayiyo ankasiyanitsa kugogoda kwa ludzu ndi kugogoda kwa chimbudzi. Lolemba lina m'mawa aNabanda anagwa pampopi akuchapa bulangeti la amuna awo. Pofika kuchipatala anali atapita. Akuti bipi. Sanadandaulepo mutu kwa munthu, kapena anadandaula koma ife sitinamve, pakuti tikafika pakhomo paja tinkalonjera wogona, woimirira n'kumudutsa.

Tinawaika Lachinayi.

Tsikulo ndinadzuka kusanache, ngati kugona pampando wa pulasitiki kumatchedwa kugona. Unali usiku wachitatu amunafe tili panja pansi pa tenti. Mwezi wa Okutobala moto sufunika, koma maliro opanda chikuni choyaka anthu angati ndi msonkhano wa chipani, ndiye chikuni chinkanyeka pang'onopang'ono, ife tili patali nacho. Malaiti anali atapita kuyambira madzulo. Madala awiri opuma ku njanji ankaliza mkonono mosinthana. Achinyamata anali atazungulira foni imodzi, nkhope zikuwala, akuseka mobisa. M'nyumba amayi anali phee mpaka tambala woyamba. Kenako mmodzi anayambitsa kulira ndi mawu osasa, ena n'kulandira, nyimbo n'kutsatira pambuyo. Mkazi wanga aNaphiri anali momwemo, atagona pa simenti ndi mawondo ake otupa ndi shuga wake. Mwana wathu Misozi tinamuika kalekale, ndiye nyimbo za maliro mkazi wanga amaziimba osatsegula buku.

Inu a masiku ano mwina simudziwa mmene nyumba imakonzedwera maliro. Katundu yense amatuluka kuti amayi apeze pokhala ndi pogona. Masofa, tebulo, wailesi yakanema, mabedi, zonse kunja. Kuseri kwa nyumba ya akulu anga kuli kanyumba ka malata komwe ankasungiramo zitsulo zawo, ka zenera limodzi laling'ono la waya. Katundu tinamuunjika mmenemo. Matumba a ufa amene anthu ankabweretsa, mafuta ophikira ndi makabichi tinaikanso momwemo. Ndipo popeza kulira kunkawanjenjemeretsa a Filimoni, komanso mwamuna sangagone pakati pa amayi, bedi lawo nalonso tinaliika momwemo, pakona, kuseri kwa matiresi oimika. Kiyi wa loko anapatsa ine, chifukwa pamaliro zinthu zimamera miyendo, ndipo anati a Yotamu ndi maso.

Amayi ophika anali atayatsa kale moto kuyadi kwa ba Chanda, komwe kuli malo ndi mthunzi. Ndinapemphako madzi ofunda m'kabeseni n'kupita kukanyumba. Akulu anga anali maso. Sindikudziwa ngati anagonako masiku atatu onsewo. Ndinati, "Mwauka bwanji, a bwana fitala? Lero tikumeteni, mwayamba kufanana ndi mbuzi ya kwa amalume." Ndinawameta ndi lezala, ndikuwauza amene abwera ndi amene sanabwere, amene walira zenizeni ndi amene walirira nshima. Sanaseke. Dzanja lawo lamanzere, lamoyo lija, linandigwira pamkono.

"Mufuna mukaperekeze akazi anu?" ndinafunsa.

Anafinya mkono wanga mpaka kuwawa.

Ndinawaveka malaya oyera. Supuni yawo ija ankaigwira osaisiya, ndiye kuti dzanja lilowe m'jekete ndinaichotsa n'kuiika pazenera. Jekete inali ya suti ya mu wilo ija. Ndinati, "Iyi ni yanga kale, ndangokubwerekani, musaithire phala." Ndinamanga tayi, kuwapukuta pakamwa, kuwatsamiritsa papilo. Potuluka ndinatembenuka pakhomo n'kunena nthabwala imene ndikanakonda ndikanaimeza. Ndinati, "Mudikire pomwepo, musathawe. Ndibwera kudzakutengani."

Kunja kutayera ndinapeza Jairosi, amene amagwira ntchito ku migodi ku Solwezi, ali ndi mafoni awiri m'makutu. Ndinamuuza kuti atate ake akupita kumanda. Anagwedeza mutu. "Tizapanga pulani, atate aang'ono." Ndinapeza Esnati wa ku Lusaka akugawa mapepala a ndondomeko ya maliro okhala ndi chithunzi cha amayi ake. Ndinamuuzanso. Anati, "Uzani Jairosi, ndiye ali na motoka." Ndinati ndamuuza. Anati basi zili bwino.

Anthu anayamba kuthirika. Amayi a Chigwirizano anabwera m'magulu, mabulauzi oyera, masiketi akuda, akuimba kuyambira kumsewu. Anzathu a njanji anabwera ndi matayi a nthawi ya sitima za malasha, ena ndi ndodo, wina atatsogozedwa ndi mkazi wake chifukwa maso anatha. Lole ya ku Katete inafika itayenda usiku wonse, anthu ake ali mbuu ndi fumbi, ndipo anatsitsamo azakhali ake a malemu, gogo wopepuka ngati mtolo wa udzu. Maluwa a mitengo ya m'msewu anali atagwa pansi, anthu akuwaponda. Dzuwa linali lisanakwere koma thukuta linali litayamba kale.

Ambuya athu, Abemba, sanachedwe. Kwa ife a kum'mawa, pamaliro Mbemba ali ndi ufulu wotitonza, kutipaka ufa ndi kutigwirira ntchito, ndipo ife timabwezera pa maliro awo. Mayi wina wonenepa anandithira ufa kumutu mpaka m'makutu n'kunena kuti, "Ba shikulu, agogo imwe, mwasala mweka, nokhanokha. Tiike imwe pamodzi, tisunge mafuta a motoka." Ndinamuyankha kuti ndikwatira iyeyo kaye, ndikhale ndi chifukwa chofera. Anthu anaseka. Ndinkamva bwino, ndisaname. Pamaliro ine ndimakhala ngati nsomba m'madzi.

Cha m'ma eyiti ba Chanda anabwera akuthamanga. Okumba manda anali atapeza mwala, dzenje linali losafika, ndipo pankafunika wamkulu wa pabanja kuti akaone ngati tisunthe kapena tiswe. Kagalimoto kotitenga kanali pamsewu kakuliza hutala. Ndikuthamangira kumeneko ndinaona anthu akupinda wilitcheya ya kumpingo n'kuiika kumbuyo kwa galimoto ya Jairosi. Galimotoyo ili ndi magalasi akuda. Ndinaona mthunzi wa munthu atakhala kumpando wakumbuyo, atawerama. Mumtima ndinati, mwanayu ali ndi nzeru, wawatenga kale atate ake. Kenako ndinakumbukira ufa ndi wailesi yakanema. Ndinabwerera kuseri. Chitseko cha kanyumba chinali chotseka theka. Hutala inaliranso. Sindinalowe. Sindinasuzumire kuseri kwa matiresi. Ndinakoka chitseko, kukoleka loko, kuidina, kiyi m'thumba.

Masitepe atatu okha akanakwana. Ndawawerenga kambirimbiri kuyambira tsikulo.

Kutchalitchi sindinapite. Kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka ndinali kumanda, kunja kwa tauni. Kumeneko kulibe mtengo woti munthu n'kubisalapo. Dothi lofiira, mitanda ya zitsulo, maluwa a pulasitiki osuluka, ndi maenje okumbiratu ali pamzere kudikira eni ake. Maliro ena awiri anabwera ndi kupita ife tikulimbana ndi mwala. Okumba ankamenya piki mosinthana, ife madala tikulamula titaima pamwamba. Ba Chanda anati, "Imwe a kum'mawa munazolowera kukumba mbewa, ngenani mutionetse." Ndinati, "Mukanakhala kuti mumaika anthu anu m'mitengo momwe mumasaka anyani, bwenzi tatha kale." Tinaseka mpaka kutsokomola. Tinagula madzi ozizira a m'timapepala kwa mayi wina wogulitsa pageti. Ndinamwa tiwiri, kachitatu ndinadzithira kumutu. Ndinadandaula kuti dzuwa ili lipha munthu. Ndinanenadi choncho, kiyi ali m'thumba mwanga.

Mdipiti unafika wani koloko itadutsa. Kutsogolo galimoto ya bokosi, kenako ya Jairosi, kenako basi ya kwaya, malole awiri odzaza amayi akuimba, ndi timagalimoto tikuphethira nyali. Fumbi linakwera n'kutikuta tonse. Abusa sanatalikitse ulaliki chifukwa amayi awiri anali atakomoka kale kutchalitchi. Bokosi linatsika ndi zingwe. Amuna tinalandirana mafosholo, amayi akuimba nyimbo ya ulendo. Galimoto ya Jairosi anaiimika chapatali, ndipo ndinkaiyang'ana n'kumati akuluwo akuonera pagalasi, ndi bwino, dzuwa lingawapweteke. Ndinaganiza kuti nthawi ya maluwa ikakwana tidzawakankha pa wilitcheya.

Manda ataumbidwa, mkulu wa mpingo anatenga pepala la ndondomeko kuti aitane oika nkhata za maluwa. Woyamba amakhala mwini maliro.

"Amuna a malemu, atate a Mwanza."

Anthu anatsegula njira. Sipanabwere munthu.

"Atate a Filimoni Mwanza."

Ndinayang'ana kugalimoto. Chitseko chinali chotsegula, ndipo amene ankamukhazika pa wilitcheya anali gogo wa ku Katete uja. Ndinayang'ana Jairosi. Jairosi anayang'ana Esnati. Esnati anadumpha mulu wa dothi n'kudzandinong'oneza kuti, "Atate aang'ono, si munawasiya na munthu kunyumba? Ife tinaona simunawabweretse, tinati mwasintha maganizo."

Dzanja langa linalowa lokha m'thumba.

Ulendo wobwerera sindiukumbuka bwino. Jairosi ankayendetsa ngati wamisala, ba Chanda ali kumbuyo akuitana Mulungu m'Chibemba kuti "Lesa, Lesa," ine ndili ndi ufa wa ambuya m'makutu. Palibe anandikalipira. Bwenzi zili bwino akanandimenya. Pakhomo tinapeza zii. Kuseri kwa mpanda amayi ophika ankaimba ndi kumenya mapoto, osadziwa kanthu, pakuti ufa wa tsikulo ndinali nditawapatsiratu m'mawa. Kiyi anakana kulowa kawiri. Jairosi anandilanda.

Kutentha kumene kunatuluka mmenemo kunali kwa uvuni wa njerwa. Kunkanunkha makabichi ofota ndi mkodzo. Tinagwetsa matiresi. Akulu anga anali atatsetsereka, theka la thupi lili pansi, mutu utatsamira thumba la ufa, mwendo wakufa utakodwa pabedi. Jekete inali yonyowa yonse. Tayi inali itakokera kumbali. Milomo inali yoyera, yong'aluka. Mfundo za zala za dzanja lamanzere zinali zosupuka, magazi atauma, chifukwa anagogoda chitsulo cha bedi ndi fupa lawo. Supuni inali pazenera pomwe ndinaiika.

Anali moyo. Maso anali otsegula.

Tinawanyamula kupita nawo pansi pa mtengo wa mango. Akazi a ba Chanda anabwera ndi madzi n'kumawadontheza mkamwa pang'onopang'ono. Ine ndinagwada pambali. Ndinangoti, "Akulu, tawaika bwino." Anandiyang'ana nthawi yaitali. Sanandigwire pamkono. Anatembenuzira nkhope kumpanda. Zaka zoposa makumi asanu anakhala ndi mayi uja, ndipo dothi la pamanda ake anaponya ndi anthu ongobwerera nyimbo.

Anthu anabwerako kumanda, anasamba m'manja pageti monga mwa mwambo, anakhala m'magulu n'kudya. Nkhani inali itafika kale pa mbale iliyonse. Ndikadutsa ankatsitsa mawu. Ngakhale mbuya wonenepa uja sananditonze, ndipo Mbemba akakuchitira ulemu pamaliro dziwa kuti zako zaipa.

Pakati pa amayi a Chigwirizano panali nesi wopuma ntchito. Anawavula jekete akulu anga, anawasungunulira mchere ndi shuga m'madzi, anawayeza pamkono. Anati apulumuka. Koma powatembenuza anapeza pachiuno pafiira, khungu layamba kunyuka. Anati chilonda ichi si cha lero, chayamba masiku atatu apitawa. Zaka zinayi aNabanda anawasunga opanda chilonda ngakhale chimodzi. Ife, khamu lonse lodzaza tenti, tinachipanga m'masiku atatu. Nesiyo ananena mokweza kuti ana amve: "Munthu uyu afunika kutembenuzidwa maola awiri aliwonse, usana ndi usiku. Mukalekerera, chilonda ichi chifika pafupa. Ndani akhala naye?"

Anthu anati tikambirana pamsonkhano wa banja.

Msonkhanowo tinauchitira pansi pa mango womwewo dzuwa litapepa. Amuna pamipando, amayi pamphasa. A Filimoni tinawagoneka pamatiresi chapafupi, akumva zonse. Mkulu wa mpingo anatulutsa kope lija n'kuyamba kuwerenga zolemba zanga zokhotakhota. Nyumba ndi ya aNabanda, asawachotse munthu. Mapoto, bedi, makina osokera. Atafika pa chokolo wina anayamba kuseka n'kulekezera panjira. Mkuluyo anatembenuza tsamba kufuna zina. Kunalibe. Anatseka kope n'kunena kuti, "Wilo iyi ndi yabwino, koma ikuteteza munthu amene tamuika lero. Ndipo mwini wake ali moyo, ndiye sinayambe n'kugwira ntchito komwe. Funso lathu mulibe umu."

Sindinena kuti ana aja ndi oipa. Ndikanakonda akanakhala oipa, bwenzi ndikuwatukwana pano mtima n'kupepuka. Jairosi analankhula atagwira chipewa m'manja. "Ine nikhala mu kampu, masabata awiri ku mgodi, imodzi kunyumba. Kunyumba kuli kale apongozi, nawo sayenda. Mkazi wanga sangakwanise awiri." Esnati analira asanayambe. Amakhala nyumba ya m'mwamba ya zipinda ziwiri, masitepe okhaokha, ana atatu, ntchito ya usiku m'sitolo. "Nikawatenga, azakhala okha tsiku lonse. Monga lero." Atanena mawu amenewo anatseka pakamwa ndi chitenje, osandiyang'ana.

A ku Katete anati kumudzi chipatala chili kutali, achinyamata onse anathawira m'tauni, otsala ndi a ndodo okhaokha. Wina anatchula nyumba yosungira nkhalamba. Amayi anang'ung'udza ngati watukwana. Mkulu wa mpingo anati ngakhale tikanafuna, malo otero ndi ochepa, amadzaza, ndipo amayamba ndi amene alibe wachibale ngakhale mmodzi. Jairosi anati apeza munthu wa ntchito. Akazi a ba Chanda, amene sanali a pabanja koma anaona zonse pampanda, anati, "Anabwerapo awiri. Woyamba anathawa tsiku la matewera. Wachiwiri anati msana. Amake Jairosi anali kuwanyamula okha, na chitenge m'chiuno."

Kenako ndinamva maso akubwera kwa ine limodzilimodzi ngati ntchentche.

Ndinati, "Ine? Munthu amene ndawatsekera lero lomwe?" Ndinkayesa kuti tchimo langa lindipulumutsa. Silinandipulumutse. Anati kulakwa kuli ndi aliyense. Anati ndine magazi awo, ndili pafupi, ku Katondo n'kongoyenda pansi, sindili pa ntchito, ndipo ndimawadziwa. Anati ine ndi aNaphiri tisamukire m'nyumbayi, ana azitumiza matewera ndi mankhwala. "Ni kwa kanthawi chabe, atate aang'ono," anatero Jairosi, "mpaka tipange pulani."

Mawu akuti kanthawi ndimawadziwa. Pa yadi ya njanji tinakankhira bogi ina pambali kwa kanthawi, ine ndili ndi tsitsi lakuda. Ikadali pomwepo. Mtengo unamera pakati pake.

Ndinayang'ana akulu anga. Nkhope inali idakali kumpanda, koma phewa linkagwedera. Ndinayang'ana mkazi wanga pamphasa. Ankatola timiyala pansi n'kumatiika pambali. Palibe anamufunsa. Inenso sindinamufunse. Ndinati, "Chabwino." Anthu anaomba m'manja, mkulu wa mpingo anapemphera kuthokoza Mulungu chifukwa cha chikondi cha pabanja.

Zotsala zinatha msanga. Eni tenti anabwera kudzaigwetsa. Mipando ya kumpingo inakwezedwa pa lole. A ku Katete ananyamuka dzuwa lisanalowe chifukwa dalaivala ankafuna kuyenda kozizira. Amayi anasesa m'nyumba, amuna anabwezera masofa ndi bedi m'malo mwake, anamunyamula wodwalayo n'kumugoneka m'chipinda chake, mbali imodzi ya bedi ili yopanda munthu. Jairosi ndi Esnati anatsazika atate awo atagwada, akulira zenizeni, kenako anapita kukagona ku loji m'tauni kuti alawirire ulendo. Ba Chanda anatsala pang'ono, anandigwira paphewa osanena nthabwala, n'kudutsa pampanda.

Pabwalo panatsala phulusa, zikuni zonyeka theka ndi mapepala a ndondomeko opondedwa. Bulangeti lija linali lidakali m'beseni pampopi, palibe analikhudza chiyambire Lolemba, madzi ake atachita ndere. Malaiti sanabwere. Tinayatsa kandulo.

Maola awiri anakwana. Tinalowa m'chipinda tonse awiri, ine zaka makumi asanu ndi awiri kudza zisanu ndi chimodzi, mkazi wanga wochepera zinayi zokha. Sitinkadziwa pogwira. Ndinagwira mapewa, iye m'chiuno. Tinakoka, munthu osasuntha. Akulu anga ndi owonda, koma thupi losadzithandiza limalemera ngati njanji. Tinayesanso. Ine mpweya unandithera, ndinakhala pansi ndikutsokomola. ANaphiri anaima kanthawi akuganiza, kenako anavula chitenje chapamwamba, anachilowetsa pansi pa wodwalayo, anaponda bondo lotupa pamphepete pa bedi n'kukoka ndi thupi lonse. Ndinamva mafupa ake akulira. Munthu anatembenuka.

Thewera linali lodzaza. Kwathu mkazi saona umaliseche wa mkulu wa mwamuna wake, ngakhale kukhala naye mphasa imodzi sakhala. Ndinati ndichita ndine, koma ndinataya madzi pabedi. Anandisuntha ndi chigongono. Anagwada, anaomba m'manja pang'ono n'kunena kuti, "Pepani, alamu, tilibe mwina mochitira." Anawafunditsa nsalu n'kuwasambitsa atayang'ana kumbali. A Filimoni anatseka maso, misozi ikutsikira m'khutu. Ine ndinagwira kandulo. Ntchito yanga inali imeneyo.

Titatha tinatuluka n'kukhala pakhonde. Kunkatenthabe. Kutali sitima ya katundu inkadutsa pang'onopang'ono. Mkazi wanga anatambasula miyendo, akusisita mawondo ndi manja onunkha sopo. Ndinafuna kunena kanthu koseketsa, ndinafufuza m'mutu monse, sindinapeze. Ndinangoti, "Amake Misozi, ndakulakwirani."

Anasiya kusisita mawondo. Kenako analankhula osakweza mawu, osandiyang'ana.

"Atate ake a Misozi, msana wanga unatsala wa nkhalamba imodzi yokha. Ndinkasungira inu. Lero mwaupereka kwa akulu anu, ndiye inuyo musayerekeze kudwala."